Mizere ya Laimu

Ine ndine wothira laimu m'bwalo lino,
ndiye za Mtambalika muzifunsa ine,
osati chithunzi chija anapachika mu ofesi,
chomwe anamujambula atatseka pakamwa,
munthu woti pakamwa sankatseka.

Anafika m'Joni pa basi ya Lachinayi
ndi bondo limodzi lakufa kale,
lothyokera ku Balaka pa mpira wolimbirana mbuzi.
Bambo ake anakumba pansi pa mzinda uno nthawi ya Theba,
iye anadzaima pamwamba pake,
pageti la koleji, ndi tochi ndi chibonga.

Madzulo ana asukulu akamasewera
mtima unkamuwawa ali pageti pomwepo.
"Iwe wajezi yofiira, mpirawo si malipiro ako,
patsira mnzako!"
Ankakuwa m'Chichewa, m'Chizulu chothyokathyoka,
mpaka mkulu wa zamasewera anatopa nalo phokoso
n'kumupatsa wezulo.

Zaka makumi awiri kuchotsapo chimodzi.
Juni wa ku Doornfontein, udzu uli mbuu ndi chisanu,
sitima yoyamba isanadutse,
ine ndi wilibala yanga,
iye ndi thumba la mipira isanu ndi umodzi,
iwiri yake yophwa.
Tiyi tinkamwera m'chivindikiro chimodzi.

Lwandile ndiye anali mwendo wa timu,
wochinya ngakhale atapsa malungo.
Atalephera mayeso a akaunti
anamukhazika pabenchi tsiku la fainolo.
Ochemerera anatukwana mpaka manda a ku Balaka.
Tinagonja ziwiri kwa duu.
M'basi Mtambalika anangopinda buluku,
kumuonetsa mwanayo chipsera cha pabondo:
"Dipuloma yanga ndi iyi. Ukuifuna?"
Lero Lwandile amawerenga ndalama za eni ake ku Sandton,
ndipo moni wa pa Khirisimasi saiwala.

Chikho tinatenga kamodzi kokha.
Chili m'shedi mwanga umu, chinachita dzimbiri,
ndimasungiramo makiyi.

Koma masewera amene ine ndimawerengera
sanalembedwe pa bolodi.
Chaka chija misewu inayaka,
akusaka ife obwera khomo ndi khomo,
anyamata ake anamudikira pageti.
Anayi kumbuyo, anayi pakati, awiri kutsogolo,
goloboyi atanyamula chikwama chake,
iye akutsimphina pakati pawo ngati mpira,
kudutsa utsi wa matayala mpaka ku Bertrams.
Tsiku limenelo palibe anataya mpira.
Atafika pakhomo anawakalipirabe:
"Kabelo, kumanzere kwako kunali mpata."
Kenako analowa m'bafa, anatsegula mpopi,
kuti tisamve.

Kalata inabwera Lolemba, yaulemu kwambiri.
Anabweretsa mnyamata wa laputopu
amene amayeza mtima wa wosewera ndi lamba wapachifuwa.
Sindikunyoza, timu ikuwina.
Pomutsanzika panali keke ndi wotchi yapakhoma,
dzina lake atalilemba molakwika.
Wezulo anakana kubweza.

Kumudzi amati anatchona.
Nyumba yomwe ankamanga inathera pa mawindo,
m'chipinda chogona munamera mpoza.
Akuti adzapita ligi ikatha,
koma ligi ikatha imayambanso.

Loweruka lililonse mumupeza kuseri kwa waya,
pafupi ndi geti lomwe lija,
chipewa chaubweya, zala zitakola mpanda,
akuyitana ana osamudziwa ndi mitundu ya majezi.
Mlonda watsopano anafuna kumuthamangitsa,
ndinamuuza kuti m'siye, bwaloli ndi mwini wake.

Laimu sakhalitsa.
Mvula ikagwa, nsapato zikaponda, mzere wapita,
Lachisanu ndimayambiranso.
Dzulo ndikukankha wilibala m'mamawa
ndinamva chifuwa chake kuseri kwa waya,
kenako mawu aja, osasa koma omwewo:
"Achimwene, pakona apo mwakhotetsa."

Ndinayang'ana.
Panalidi pokhota.