Lachinayi Limene Sindinapite

A Dotolo Felizarda Chimphepo sankakonda mpando.
Ntchito yanga ankaiwerenga ataimirira,
cholembera chofiira chili m'kamwa ngati mswachi,
fani ya mu labotale ikungotakasa kutentha kwa Tete
osakuchotsa.

Anandisankha ndili m'chaka chachitatu.
Sikuti ndinali wanzeru kuposa anzanga,
Gervásio masamu ankandiposa ngakhale ali m'tulo.
Ine ndinangofunsa funso limene kalasi yonse inaseka:
fumbi la malasha lija timakutumula pa zovala zoyanika,
likachoka pamenepo limapita kuti?
Iwo sanaseke. Anati, mabotolo ali uko, kafufuze.

Basi Lachinayi lililonse ndinkakwera shapa ya ku Moatize,
kutsika, kutsetsereka mpaka ku Revubwe,
kutunga madzi malo atatu:
pochapira, pomwera mbuzi,
ndi patsinde pa msau pamene ana amadumphira.
Tsiku, ola, malo.
Kulemba pabotolo manja asanaume.

Masana ena ankandikhazika pansi
kundiphunzitsa kukangana ndi pepala la katswiri
amene sindidzamuona nkhope,
kulemba kalata yopempha malo popanda kupepesa,
kunena kuti sindikudziwa
mawu osawameza.

Sabata ya makumi awiri ndi chitatu sindinapite.
Mwini nyumba anakhoma loko pachitseko changa,
ndalama ya shapa ndiyo inakatsegula.
Usiku ndinayang'ana nambala ya sabata yatha
ndi ya sabata inzake,
nkubereka ina pambali pawo,
yosalala, yaulemu, yofanana ndi abale ake.

Patatha miyezi iwiri chala chawo chinaima pomwepo.
Sabata iyi kunagwa mvula yoyamba, anatero.
Kwathu denga linadontha usiku wonse.
Mtsinje wako wokha sunamve?

Thukuta linatsika m'khosi mpaka mumsana.
Ndinalisiya.

Sanakalipe, bola akanakalipa.
Anachotsa cholembera chija m'kamwa nkundipatsa:
Fufuta wekha.
Pansipo ulembe kuti madzi sanatungidwe.
Wobwera pambuyo pako adzaponda pa manambala akowa
powoloka.
Usamuikire thabwa lofumbwa.

Chithunzi cha zotsatira zanga chinatuluka
ngati mwana woguluka dzino lakutsogolo.
Ndinachita nacho manyazi chaka chathunthu.

Mwezi wathawu aphunzitsi atatu a ku Maputo
anandiyang'ana kudzera pa kompyuta yobwereka,
netiweki ikuwadula mitu nkuwabwezera.
Amaona ngati ndingathe digiri yachiwiri.
Wamagalasi anadumpha masamba onse amene ndimanyadira
nkudzaima pa mpata uja.
Apa panachitika chiyani?

Kunja m'khonde ndinkamva nsapato za a Dotolo,
kupita, kubwera, kupita.
Anakana kulowa. Anati mayeso ndi anga.

Ndinati, sindinapite, ndinalibe ya ulendo.
Ndinati, ndipo ndi sabata imene mvula inatsuka mapiri a malasha,
imene ikanatiuza zambiri kuposa masabata ena onsewo.
Ndinaiphonya. Ndikufuna zaka ziwiri
kuti mvula yoyamba idzandipeze ndili pamtsinje.

Analemba kanthu. Sindikudziwa chiyani.
Yankho akuti libwera dzinja lisanathe,
foni ndimagona nayo pachifuwa.

Lero ndi Lachinayi.
A Dotolo andipatsa Ancha, wa chaka chachiwiri,
wamanyazi, wogwira botolo ngati dzira.
Ndamuonetsa pochapira, pomwera mbuzi, patsinde pa msau.
Ndamuuza za tsiku, ola, malo.
Za loko uja ndimuuza pobwerera.
Koma tisanakwere shapa
ndamufumbatitsa ya ulendo wa sabata yamawa,
iye nkundiyang'ana modabwa,
kondakitala akumenya chitseko kuti tifulumire.