Kope la Mphakati

Anandisankha ine kusunga kope
chifukwa ndinafika Fomu 2 ndipo sindimwa.
Ndinalemba mizere iwiri ndi lula ya mwana wanga:
Zolowa. Zotuluka.
Ndinkayesa ntchito yonse ya Mulungu ikwana pamenepo.

Lachinayi masana, pansi pa mango a kwa Agata Nankhoma,
tikatha kugawana Mawu, mbale ya pulasitiki imazungulira.
Faifi handiredi ya a Yowakimu, yong'ambika pakona.
Sopo theka. Mtedza chitini chimodzi, wosaswa.
Perepetuwa alibe kanthu, akuti lembani manja anga,
ndipo ndimalemba: manja awiri.

Mu Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osapuma,
Perepetuwa anabwera ndi nkhani ya ku esiteti, njira ya ku Chamama.
Kuseri kwa zigafa kuli tenanti, Muhiwa, wa ku Phalombe,
akutsokomola magazi.
Mkazi anabwerera kwawo ndi ana.
Bwana akuti ngongole ya chimanga ikadalipo.

A Yowakimu anakanda mutu.
Kodi ndi wa mpingo wathu?
Ayi.
Nanga denga la tchalitchi likudonthali?
Tinakangana mpaka nkhuku kulowa m'khola.
Ine ndinali mbali ya denga, ndisabise;
ndalama ndimaziwerenga ndine, ndimadziwa kuonda kwake.

M'mawa mwake ndinaona Agata akukankha njinga pa dambo,
matope m'masipoko, ndowa pa kaliyala,
osayang'ana n'komwe kunyumba kwanga.
Kusayang'anako n'kumene kunandiveka nsapato.

Tinamupeza atagona pa thumba la feteleza,
zala zakuda ndi utomoni wa fodya wa eni.
Perepetuwa anamusambitsa ngati wobadwa lero.
Agata anachapa bulangete katatu, madzi osayerabe.
Ine wamasamu anandipatsa phala ndi supuni.
Zisanu ndi imodzi anameza. Yachisanu ndi chiwiri anakana,
nafunsa ndi mawu a pakhosi:
Mwatumidwa ndi bwana?
Agata anaseka. Eya, koma osati wanuyo.

Masabata atatu tinkasinthana.
Zotuluka: shuga, mabatire a tochi,
kabaza wa ku chipatala cha Kasungu, kupita ndi kubwera,
mayunitsi oimbira ku Phalombe
komwe foni inangolira, kulira,
kenako n'kuleka kupezeka.

Anapita Lachisanu, ife tili pa Njira ya Mtanda,
pa malo achisanu ndi chinayi, ngati ndikukumbuka bwino.
Anyamata a kwaya anasiya zisekese n'kunyamula makasu.
Usiku ndinamva hamala kuseri kwa tchalitchi;
a Yowakimu omwe aja, tochi kukamwa,
akukhoma bokosi ndi matabwa amene tinasungira mabenchi.
Sanandipatse moni. Anangoti gwirani uku.

Katekisiti anati mwambo wonse sungatheke, sitidziwa za ubatizo wake,
koma Atate Athu alibe mpanda.
Tinamuika pambali pa azakhali anga.
Tsopano azakhali, amene ankakonda alendo, ali naye wawo.

Chimene sindinauze aliyense ndi ichi:
tsiku lina, tili awiri,
anapisa dzanja pansi pa thumba lija
natulutsa thu handiredi yopindapinda, yonunkha utsi.
Mbale yanu ija, anatero, mukaponyemo.
Ndinakana. Anandigwira mkono ndi mphamvu zomwe analibe.

Pa lipoti la mwezi, bambo mfumu anaima chala pa mzere wa Zolowa.
Muhiwa ndani? M'kaundula mulibe dzina limeneli.
Ndinayang'ana a Yowakimu. A Yowakimu anayang'ana denga.
Ndi wa mphakati wathu, ndinatero,
anangochedwa kulembetsa.

Denga likudonthabe.
Mvula ikabwera nthawi ya Misa timasuntha benchi,
ena amakhala pansi pa zitenje zawo,
ndipo kope ndimalibisa m'malaya
kuti inki ya dzina lija isasungunuke.