Nyumba Yavala Zobwereka

Che Mkwanda, dobadoba wa nsapato zosongoka,
anaima pakhonde n'kuloza ndi kiyi wa njinga yamoto.
"Mayi Mdoka, Disembala ndi mwezi wa ndalama.
Anyamata a ku Joni akutsika sabata ino,
matumba ali phamphu, maso ali pa malo.
Koma nyumba isaoneke ngati munakhalamo anthu."

Zaka makumi atatu ndi ziwiri kwa Mpondasi kuno,
lero ndifafanize fungo langa.

Ndinayamba ndi zithunzi.
Cha ukwati chinasiya chigamba choyera pakhoma,
msomali unatsala ukundiyang'ana.
Wailesi ya malemu, yomanga ndi mphira,
ndinaikulunga m'chitenje ngati khanda lodwala.
Mabotolo a mankhwala, malisiti a madzi,
nsapato imodzi imene inzake inasowa kalekale,
zonse m'katoni, katoni kwa aneba.

Pafelemu la chitseko cha kuchipinda pali mizere ya pensulo:
Tiyese zaka zinayi, Tiyese zaka zisanu ndi ziwiri,
Tiyese wandipitirira.
Ndi wa Ulanda, umene unathera m'chiuno mwanga
osakweranso.
Mnyamata wa penti anafunsa, "Apanso, mayi?"
Ndinati, "Pakani,"
n'kupita kumpopi kukatunga madzi amene sindinkawafuna.

Abiti Saizi, amene sadya Khirisimasi,
anandibwereka makatani a pa ukwati wa mwana wake,
kapeti wofiira, ndi maluwa apulasitiki osafota.
Anathandiza kupachika timagetsi tophethira pazenera
akuseka: "Chemwali, nyumba yatchena kuposa mwini!"
Pakona tinaimika kamtengo kogula kumsika,
thonje panthambi, akuti ndi chipale cha kwa azungu,
ife thukuta lili kamukamu, malata akulira ndi dzuwa.

Beseni lolandira madzi odontha, pansi pa bedi.
Mng'alu wa pansi, kapeti wauphimba.
Mango amene akhala akugwa usiku wonse
ndinawasesa mamawa, ntchentche zisandiulule.
Miyala ya m'mbali mwa njira ndinaidzoza laimu
mpaka inaoneka ngati mano a munthu wonama.

Anafika Loweruka, azana ya masana itangotha,
galimoto ya nambala zachilendo, nyimbo zikugunda.
Twaibu, mwana amene ankagenda mango omwewa,
tsopano tcheni m'khosi, mafoni awiri.
Ndinam'tsegulira chitseko. Sanalowe.
Anazungulira kuseri, akuwerenga mapazi,
kuchoka pampanda wa bango kukafika kumsewu,
n'kubwereranso, milomo ikuyenda.
"Malowa ndi abwino, amama. Ali pafupi ndi tala.
Nyumbayi tigwetsa. Apa mashopu anayi,
kumbuyo zipinda za lendi.
Mtengowu uchoka, ukudya malo."

Che Mkwanda anaomba m'manja.
Timagetsi tinapitiriza kuphethira masana,
popanda wotiona.

Ndinati ndiyankha chaka chikatembenuka.
Tiyese akufunika fizi ya ku koleji,
ngongole ya maliro sinaiwale njira ya kwathu,
ndipo yankho ndikulidziwa kale,
ngati mmene bondo limadziwira kuti mvula ikubwera.

Inabweradi usiku womwewo.
Magetsi anathima, kamtengo kanasanduka mthunzi,
ngumbi zinalowa kudzazungulira kandulo.
Dontho loyamba linagwera pakapeti wa eni ake.
Ndinamupinda msanga, ndinakoka beseni,
kulibweza pamalo pake penipeni,
pamene simenti inadyeka mozungulira.

Tho.
Tho.
Nyumba inayambanso kuyankhula chinenero chake.

Ndinanyamula kandulo kupita kuchitseko chija.
Penti wotchipa sasunga chinsinsi:
pansi pa kuyera, mizere ikuonekera,
ya Tiyese ikukwera makwerero ake,
wa Ulanda uli pomwe unaima.

Mawa ndibwereka sowo kwa kalipentala.
Malo atenge, njerwa atenge, mtengo adule.
Thabwa ili lokha
silili pamtengo umene tinagwirizana.