Masekondi Khumi ndi Awiri

Thupi lake ndinalitola kuseri kwa munda wa maalimondi ku Shafter,
nkhuku zikuikira mazira pamene kale panali mpando.
Mwini munda, Orval Stroud, anaseka mpaka kutsamwa:
"Tenga, mtsikana iwe, dzimbiri sindigulitsa,
koma nkhukuzo undisiyire."

Zaka zinayi m'galaja ya amayi.
Injini ndinaizula m'lole yakale yonyamula thonje,
giyabokosi kwa bambo wina amene banja litatha
ankagulitsa chilichonse, ndi makatani omwe.
Thanki ya petulo ndinawotcherera ndekha,
kawiri, poti koyamba inkakhetsa misozi pansi.
Padzanja langa lamanzere pali chipsera chonga mbedza:
bawuti anakana, sipanala inapulumuka.
Penti sindinapake.
Ndalama zonse zinathera m'mimba mwake.

Lachisanu madzulo ndimatuluka nayo mumsewu wa Chester,
mwapang'onopang'ono,
ngati woyenda ndi galu wolusa pachingwe chachifupi.
Pamaloboti imatsokomola, imanjenjemera,
magalasi a shopu ya matayala n'kumayankha.
Mulibe wailesi umu,
moto wa injini umandiphika zidendene.
Wapolisi amandiponyera diso, ine ndimaloza kamuvi ka liwiro:
makumi atatu, bwana, makumi atatu basi.
Iye akudziwa, inenso ndikudziwa
kuti chilombochi sichinabadwire makumi atatu.

Loweruka, kubwalo la mjaho kunja kwa Bakersfield,
kudutsa mapampu a mafuta ogwedeza mitu
ngati akuvomera mlandu umene sanapalamule.
Mlongo wanga Efraín amaphwetsa pang'ono matayala akumbuyo,
n'kugogoda chisoti changa kawiri.
Pemphero lake lonse ndi lomwelo.

Ndapotetsa matayala pamadzi
mpaka utsi wa mphira tolo, anthu osaoneka.
Kumanjaku kuli mnyamata m'galimoto yonyezimira,
yogula pangongole, yodziwa kusintha yokha magiya.
Sindimuda. Sindikumuonanso n'komwe.
Maso ali pamtengo wa nyali.

Yachikasu.
Yachikasu.
Yachika...
phazi lachoka kale pakilachi.

Msana kwakwata kumpando,
mphuno ya galimoto yadzuka kununkhiza mitambo,
giya yachiwiri, ndodo ikundiluma m'chikhatho,
yachitatu, mphepo yang'ambika ngati nsalu yofwifwa,
chitseko chija ndinati ndikonza chikugwedera,
yachinayi,
ndipo muno mulibe lendi,
mulibe kapitawo wa kusitolo ya zitsulo,
mulibe chifuwa cha amayi cha pakati pa usiku,
muli mzere woyera wokha
ukuthamanga kudzandimeza.

Kenako mabuleki, fungo la oyilo wopsa,
mtima ukugunda m'mano.
Pakanyumba ka kumapeto, mayi wa magalasi akuda
wanditambasulira kapepala kofunda:
masekondi khumi ndi awiri, ndi nyenyeswa pamwamba.
Mnyamata uja wandisiya ndi utali wa chitseko chimodzi.
Wabwera, chisoti m'khwapa,
wasuzumira m'injini ngati woyang'ana m'chitsime.
"Anakupangirani ndani imeneyi?"
Ndangomuonetsa dzanja lamanzere.

Pobwerera payipi ya lediyeta yaphulika
pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Kern, wopanda ndi dontho lomwe.
Efraín wagwira tochi, akutukwana chapansipansi,
ine chagada pamiyala yotentha,
madzi obiriwira akundidonthera m'khutu.
Malole akudutsa, oyendetsa akuliza mahutala,
kaya akutiseka kaya akutipatsa moni.

Kapepala kaja kali m'thumba la ovolosi, kanyowa thukuta.
Utali wa chitseko chimodzi.
Ulipo penapake m'zitsulozi,
m'kabuleta mwina, kapena m'phazi langa lomweli.
"Walitsa kuno," ndamuuza Efraín,
"ndipatse sipanala ya naini."