Zitatu Zokha

Chala chikangochita dzanzi usiku
ndimati yabweranso sitiroko ija
imene inandigwetsa panjinga ku Kapata,
thumba la mtedza lili kumbuyo.
Ndimagona ndikumvetsera mutu wanga
ngati womvetsera mbala kuseri kwa chitseko.

A Shawa, anamwino, sanandinamize:
"Mapiritsi musadumphe. Mchere chepetsani.
Koma mantha musawapatse nyumba yonse.
Madzulo muzilemba zitatu zimene zayenda bwino."

Ndinaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Lero ndalemba, zilembo zokhotakhota:
batani la pakhosi ndamanga ndekha;
ndafika pampope osapumira panjira;
Tisauke wandikalipira za ngongole yake
ngati kuti sindinadwalepo.

Mantha alipobe,
angosendera pakona, pafupi ndi njinga.
Kunja phiri la Kanjala layamba kuda.
Mawa ndiyesa kupopa tayala lakutsogolo.