Ndulu

Ndili mtsikana ku Mponela ndinkadziwa kutumbula nkhuku.
Mpeni uziyenda mwaulemu pambali pa chiwindi,
kanthu kobiriwirako usakakhudze,
kakaphulika, nyama yonse yawawa.
Ndinkakaponya kudzala osakayang'ananso.
Sindinkadziwa kuti kali ndi njira yakeyake,
kuti njirayo imatha kutsekeka
mwa munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri,
woyendetsa basi mu Leicester.

Zinayambira m'maso.
Ine ndinati ndi magetsi a m'khitchini,
mababu akuno amasandutsa aliyense dzungu.
Tinenenji ndiye anati, Adadi, tabwerani pawindo,
ndipo kuwala kwa Novembala, kochepa komweko,
kunatiuza zoona.

Kenako kuyabwa.
Fatsani, munthu wosadandaula ngakhale dzino,
kukanda miyendo ndi chipeso usiku wonse
mpaka nsalu zogonera kuchita madontho.

Dokotala anajambula papepala ndi bolopeni:
ichi chiwindi, aka kamtsinje, apa pagwa mwala.
Khansa. Anatchula dzina lake lalitali,
linangondidutsa ngati sitima yosaima pasiteshoni.
Anati kudula sikutheka, pamene yakhalapo mpoipa.
Fatsani anayang'ana wotchi,
nati tikiti ya galimoto panjapo yatsala pang'ono kutha.

Zaka khumi ndi zinayi ndasambitsa nkhalamba za eni dziko,
kuzitembenuza, kuzidzoza mafuta, kulemba m'buku.
Manja angawa ntchito amaidziwa.
Koma kathumba kolendewera m'nthiti mwa mwamuna wanga
ndikamakakhuthulira m'jagi m'mamawa,
kuwerenga mizere, kulemba nambala,
amanjenjemera ngati waganyu woyamba lero.

Achemwali ake anaimba kuchokera ku Dowa:
imeneyo ndi ndulu ya ng'ona, wina anamuthirira
chaka chija munabwera kumaliro.
Ndinati, Alamu, nduluyo ndi yake yomwe,
yangosowa podzera.
Anadula foni.
M'mawa mwake anaimbanso, mawu atasasa,
kufunsa ngati akudya.

Sakudya.
Masupuni atatu a phala,
theka la nthochi yamusitolo yosanunkhira kanthu.
Lachinayi ndi tsiku la diripi.
Timakwera basi yomwe ankayendetsa,
mnzake Gurdeep salankhula zambiri,
amangodikira mpaka titakhala pansi
ndiye n'kunyamuka pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira.

Usiku wina, kamvula kakuno kaulesi kakuwaza,
anati, Nachisale, wafunsa mtengo wa bokosi pandege?
Ndinati, khalani chete inu.
Anati, ndafunsa kale ine. Ndi fizi yonse ya mwanayu.
Mudzandiike konkuno, dothi ndi dothi,
bola mudzandiveke jekete, kumazizira.
Tinaseka mpaka kapaipi kanamukoka,
kenako ndinalowa kubafa
n'kutsegula mpopi mwamphamvu
kuti asamve.

Anthu akutchalitchi amabwera Lamlungu
ndi makontena a mpunga, ndi mavesi.
Akachoka ndimatsuka makapu asanu ndi atatu,
mwina ndimawathokoza, mwina ayi.
Mulungu ndimalankhula naye pokolopa,
mwachidule, ngati anthu oyambana
amene akugonabe m'nyumba imodzi.

Sabata ino chikasu chabwerera m'mbuyo pang'ono.
Maso ayera m'mbali ngati kukufuna kucha.
Sindikuuza aliyense, ndingachidzutse.
Dzulo wapempha nkhuku, yamsuzi, yolimba mafupa.
Ndayenda mpaka ku Evington kwa abutchala,
ndabwera nayo, ndaigoneka pathabwa,
ndalowetsa dzanja m'kati mwachizolowezi.

Nkhuku zakuno zimabwera zotumbulatumbula.
Mulibe chiwindi, mulibe kobiriwira kaja,
mulibe choti ndichisamale.
Ndaima choncho, dzanja lili m'mphako yozizira,
mpaka iye waitana ali pasofa,
ndi mawu aja akale, a munthu wanjala:
Anyezi alipo, kapena ndikagule?