Mamilimita Atatu

Ku Sekota opaleshoni timachitira m'kalasi.
Ana atsekera, madesiki tawaunjika kukhoma,
koma pabolodi pakadali samu ya kugawa
imene wina anaisiyira panjira.

Mayi Tiruwork afika dzuwa lisanakule,
kamnyamata kowatsogolera kali patsogolo, bulu pambuyo.
M'khosi mwawo, pachingwe chimodzi ndi mtanda,
mukulendewera kachitsulo kozulira nsidze.
Zaka khumi ndi zinayi akuzula,
m'mawa uliwonse, mongopapasa,
ndipo zimaphukanso zakuthwa kuposa kale
ngati ziputu m'munda wokolola.

Ndagadabuza chikope ndi chala.
Nako kathabwa kaja.
Si fupa ayi, ngakhale chala chimanamizika.
Ndi timaulusi ta mnofu tolukana mothina,
kuchindikala ngati chikhadabo,
kutalika kosaposa chikhadabo chomwecho.
Ndiko kamaimitsa chikope
monga cholimbitsa chija chobisika m'kolala ya malaya.
M'kati mwake mwandanda timifuleni ta mafuta
totsirira m'mphepete kuti msozi usaume msanga,
ndipo mnofu wokweza chikope unamangirira pomwepa.
Munthu amaphethira tsiku lonse
osadziwa n'komwe kuti ali nako.

Ka mayiwa kapindika.
Ntchentche za paubwana, chitsime chakutali,
maso kudwala, kupola, kudwalanso,
ulendo uliwonse kusiya chipsera,
chipsera n'kumakoka, n'kumakoka,
mpaka thabwa kufwanyalala ngati chikumba choiwalika padzuwa.
Nsidze zatembenukira m'kati.
Alonda ayamba kukwapula mwini nyumba.

Aphunzitsi anga, a Getasew, sankachuluka mawu.
Mamilimita atatu kuchokera m'mphepete, basi.
Ukaperewera, wapha mlomo wa chikope.
Ukapitirira, thabwa likana kutembenuka.
Ndinaphunzirira pankhope ya mphira
imene sinkatuluka magazi, sinkaitana Mariya.
Iyi ikuitana, chamumtima,
pamene jakisoni wa dzanzi akulowa.

Mpeni ukadutsa khungu sulankhula.
Ukafika pathabwa ndi pamene umandiuza m'dzanja,
kherekhethe,
ngati ukudula khoko louma la lalanje.
Ndikutsata mzere kuyambira kumphuno mpaka kukhutu.
Yeshalem wagwira tochi, mkono wamutopa,
wasintha dzanja, kuwala kwagwedera, ndadikira.
Kunja bulu akulira zake.

Singano katatu: pakati, uku, ndi uko.
Ndikamanga mfundo yoyamba
mphepete ikudzuka pang'onopang'ono
ngati munthu amene wagonera mbali imodzi nthawi yaitali.
Yachitatu, nsidze zonse n'ziyang'ane kudenga.
Ndazipitiriza dala pang'ono,
pakuti chipsera sichiiwala kwawo,
chidzakokabe.

Sindinawalonjeze kuti adzaona monga kale.
Zimene nsidze zinakanda padiso zinakandika,
chifunga chimenecho ndi chawo mpaka kale.
Ine ndangochotsa minga pakhomo.

Sabata yatha, abwera kudzachotsa ulusi,
okha, kamnyamata katsala kukudyetsa mbuzi.
Aphethira kamodzi, n'kudikira ululu.
Aphethiranso. N'kudikirabe.
Kenaka aseka, dzanja kukamwa,
ngati wina wawapusitsa.

Ndaloza kachitsulo kam'khosi:
kameneko mutisiyire, mayi, katha ntchito.
Akafumbata.
Ati mng'ono wawo, Belaynesh, kuseri kwa phirilo,
kake kanathyoka nthawi yokolola,
ndipo za mpeni safuna n'kumva komwe.

Ndafunsa dzina la mudzi,
ndalemba kuseri kwa kaundula,
pansi pa midzi ina isanu ndi umodzi yopanda msewu.

Ali pakhomo acheuka,
andiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lotupabe lija.
Ati mawu anga ndi aakulu kuposa ine.
Ati, ndipo mwana iwe,
kolala yakoyo yapindikira m'kati.